KODI KUKONGOLA KWENIKWENI NDI KOTANI?

Chidule cha khutba ya Jumu'ah yoperekedwa pa mzikiti wina wa m'dera la Mfumu Kaluluma, m'boma la Kasungu, m'nyengo yosankha fodya.

KHUTBA YOYAMBA

Tikumutamanda Allah (Subhaanahu wa Ta'ala), amene adapatsa cholengedwa chilichonse maonekedwe ake, muyeso wake ndi ntchito yake. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Iye yekha, ndiponso kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake, pa Maswahaba ake ndi pa onse owatsatira mpaka tsiku la Kiyama.

Akapolo a Allah, ndikudzilangiza ndekha ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mseri, pakuti taqwa ndiye kamba wa ulendo umene tonse tili nawo.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, ambiri mwa ife tafika muno kuchokera m'zigafa, manja akadanunkha fodya. Masiku ano ntchito yathu ndi yotambasula tsamba lililonse ndi kuliweruza. Timayang'ana mtundu wake, utali wake, ngati lang'ambika kapena lachita nkhungu. Lapansi timaliika padera, lapakati padera, lakunsonga padera, podziwa kuti ogula ku Chinkhoma kapena ku Kanengo akalipereka mtengo molingana ndi mmene likuonekera. Tsono anthu amene tikukhalira kuweruza chokongola ndi chosakongola kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndi bwino lero tidzifunse: kodi kukongola n'chiyani? Kodi kumakhala m'chinthucho, kapena m'diso la wochiyang'ana? Nanga Msilamu akufunefune, kapena akuthawe?

Tiyambe ndi funso lomalizali. Imam Muslim adalemba hadith yochokera kwa Abdullah bin Mas'ud (r.a) yofotokoza kuti tsiku lina Mtumiki (s.a.w) adachenjeza Maswahaba kuti kudzikweza, ngakhale kochepetsetsa, kumamutsekera munthu khomo la Jannah. Munthu wina adada nkhawa, chifukwa iye ankakonda chovala chabwino ndi nsapato zabwino. Mtumiki (s.a.w) adamukhazika mtima pansi pomudziwitsa kuti kukongola ndi mbiri ya Allah Mwini wake ndipo ndi chinthu chimene Iye amachikonda, ndi kuti kudzikweza kumene ankanena ndi kukana choonadi komanso kunyoza anthu. Apa tikuphunzira kuti litsiro si chizindikiro cha kuopa Allah, ndipo usiwa wochita kuufuna si Swala. Mu Sura ya Al-A'raaf, ndime 31 ndi 32, ana a Adam adalamulidwa kudzikongoletsa popita kukapemphera, adaletsedwa kuononga, ndipo adadzudzulidwa amene amaletsa zokongola zomwe Allah adatulutsira akapolo Ake.

Lingalirani za ng'ombe zanu. Kumayambiriro kwa Sura ya An-Nahl, Allah adawerenga phindu la ziweto: chakudya, zofunda ndi kusenza katundu. Koma pakati pa zimenezi adatchulanso chinthu chimene sitingachidye kapena kuchigulitsa, chomwe ndi kusangalatsa kwa ziwetozo m'maso mwa mwini wake zikamatuluka m'mawa ndi pamene zikubwerera kukhola madzulo. Aliyense amene adaimapo pa khomo la khola dzuwa likulowa, fumbi likuuluka, ana ang'ombe akulira kufuna amayi awo, akuidziwa mphatso imeneyi. Allah akadafuna akadalenga chakudya chopanda fungo, mbalame zopanda nyimbo ndi thambo lopanda nyenyezi, ndipo tikadakhalabe ndi moyo. Koma adaonjezera kukongola pamwamba pa phindu kuti mtima ufunse za Mwini ntchitoyo. Munthu akaona mphasa yolukidwa bwino amafunsa kuti waluka ndani. Kukongola kwa chilengedwe ndi chizindikiro, ndipo ntchito ya chizindikiro ndi kuloza kwina. Amene waima pa chikwangwani cholembedwa kuti Mzuzu n'kumati wafika ku Mzuzu, ulendo wake wathera panjira.

Nanga kukongolako n'chiyani? Imam Al-Ghazali, amene adamwalira m'chaka cha 1111, adaisanthula nkhaniyi m'buku lake la Ihya Ulumi Din, pa gawo lonena za chikondi. Iye adaphunzitsa kuti chinthu chimakongola pamene chakwanitsa ungwiro umene ukuchiyenera icho, ndipo ungwiro wa chinthu china suyezedwa ndi muyeso wa chinzake. Chimene chimakongoletsa kavalo si chimene chimakongoletsa munthu, ndipo chimene chimakongoletsa zolemba za mlembi si chimene chimakongoletsa mawu a wowerenga. Ife alimi sitingavutike kumvetsa. Tsamba la fodya wa burley likauma n'kukhala lofiirira timakondwa. Koma mtundu womwewo tikauona pa masamba a chimanga mu Januwale timadziwa kuti njala yaloza pakhomo. Mtundu ndi umodzi, chiweruzo n'chosiyana, chifukwa chinthu chilichonse chili ndi cholinga chake. Khasu lokongola ndi lolima bwino, ndipo ng'ombe yokongola pa goli ndi yokoka ngolo mosatopa.

Ngati zili choncho, funso la kukongola kwa munthu likusanduka funso la cholinga cha munthu. Sura ya Adh-Dhaariyaat, ndime 56, ikutidziwitsa kuti tidalengedwa kuti timupembedze Allah. Choncho munthu amakongola pamene akukwanitsa chimene adalengedwera: kumudziwa Mbuye wake, kunena zoona, kuchita chilungamo, kusunga chimene wasungitsidwa ndi kuchitira chifundo zolengedwa. Al-Ghazali adanenanso kuti pali kukongola koonedwa ndi diso la pamutu, komwe ngakhale mwana amakuzindikira, ndi kukongola koonedwa ndi diso la mumtima, komwe kumafuna kukhwima. Umboni wake tili nawo. Asilamu ambiri m'Malawi muno timatsata madh-hab a Imam Shafi'i, amene adamwalira m'chaka cha 820. Palibe mmodzi wa ife ali ndi chithunzi chake, ndipo thupi lake lidabwerera kudothi kalekale. Komabe timamukonda. Chimene tikukonda mwa iye ndi maphunziro ake, kuopa kwake Allah ndi kudzichepetsa kwake, zinthu zimene manda sangadye.

Ena amati kukongola kulibe muyeso, aliyense ali ndi diso lake. Pa zakunja mawuwa ali ndi gawo la choonadi. Pamene David Livingstone ankayenda m'chigwa cha Shire mu 1859, adapeza amayi a Chimang'anja atavala pelele pa mlomo wam'mwamba, ndipo kumeneko kudali kutchena kwa nthawiyo. Agogo athu ena adatema mphini kumaso. Lero zidzukulu zawo sizichitanso zimenezo, ndipo zimene tikuzitama ife adzaziseka ana a mawa. Koma tchulani mtundu wa anthu umene udatcha kulanda chuma cha mwana wamasiye kuti n'kokongola, kapena umene udanyansidwa ndi munthu wosunga lonjezo. Simuupeza. Muyeso wa kunja umasintha ndi nyengo, pomwe wa m'kati Allah adaudinda m'chibadwa cha munthu aliyense. Zilankhulo zathu zomwe zikuchitira umboni. M'Chichewa timati ndiwo zakoma, nyimbo yakoma, ndiponso timati uje ndi wokoma mtima. M'Chiarabu, mawu oti husn, kukongola, ndi oti ihsaan, kuchita zabwino mwaluso, adaphuka pa muzu umodzi. Makolo athu ndi Aarabu sadapangane, koma onse adaona kuti ubwino ndi kukongola ndi pachibale.

Akapolo a Allah, makolo omwewo adatisiyira chenjezo loti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu ukutipeza m'chigafa. Tonse tikudziwa mchitidwe woika masamba abwino kunja kwa belo, pakati n'kubisamo fodya wowola, zinyenyeswa, kapena kumuwaza madzi kuti alemere pa sikelo. Mu Sahih Muslim muli nkhani yoti Mtumiki (s.a.w) adadutsa pa mulu wa chakudya chogulitsa, napisa dzanja lake m'kati, zala zake n'kukhudza chinyezi. Wogulitsayo adati idali mvula. Mtumiki (s.a.w) adamufunsa chifukwa chimene sadaike chonyowacho pamwamba kuti ogula achione, ndipo adadzipatula kwa aliyense wochita chinyengo. Taonani kulemera kwa nkhaniyi. Munthuyo sadaphe, sadapembedze fano, adangokongoletsa pamwamba ndi kubisa choipa pansi.

Belo lotero likatsegulidwa kumsika limabwezedwa. Mwini wake amaluza ndalama ya thiransipoti, amadikira masabata, ndipo amaipitsa mbiri ya anzake a mu kalabu amene adasankha fodya wawo mokhulupirika. Ena anganene kuti ogula nawonso amatipondereza pa mitengo. Dandaulo limenelo lili ndi malo ake ndipo tiyenera kulinena poyera, koma kuponderezedwa sikusandutsa chinyengo kukhala halaal. Tsono dziwani kuti aliyense wa ife ndi belo loyenda. Kunja tavala mkanjo woyera ndi chisoti, koma m'kati muli chiyani? Sura ya At-Taariq ikutikumbutsa za tsiku limene zobisika zonse zidzayesedwa. Pa tsikulo chiguduli chidzang'ambidwa, ndipo sipadzakhala kubweza belo kumudzi kuti likasankhidwenso. Hadith ya Abu Huraira (r.a) ikutiphunzitsa kuti chimene Allah amayang'ana mwa ife ndi mitima ndi ntchito, pomwe nkhope ndi chuma sizilowa pa sikelo Yake.

Ndanena zimene mwamvazi, ndipo ndikupempha chikhululuko kwa Allah pa ine ndi pa inu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye amalandira olapa.

KHUTBA YACHIWIRI

Kuyamikidwa ndi kwa Allah pa mtendere Wake umene sitingathe kuuwerenga, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Wake wolemekezeka.

Abale ndi alongo anga, Imam Ibn Al-Qayyim, amene adamwalira m'chaka cha 1350, adagawa kudzikongoletsa kwa kunja patatu. Pali kotamandika, komwe kumathandiza munthu kumvera Allah. Pali konyozeka, komwe cholinga chake ndi kudzitama ndi kufuna kuonedwa. Ndipo pali kwapakati, komwe kulibe mphotho kapena tchimo. Chovala chikhoza kukhala chimodzi, chosiyanitsa ndi niya ya wovalayo ndi njira imene wachipezera. Ndi muyeso umenewu tiyeni tione matenda atatu amene ali pakati pathu.

Oyamba abisala m'mawu amodzi a chilankhulo chathu. Timati munthu wakongola ponena za maonekedwe, ndipo timatinso wakongola ponena za ngongole. Ambiri a ife timakongola ndalama kuti tikongole. Fodya asanapite kumsika, munthu watenga kale katapila kuti agule suti, foni yodula ndi nsapato zoti akaonekere pa Nkhamenya. Katapila ndi riba, ndipo kumapeto kwa Sura ya Al-Baqara riba idaletsedwa ndi mawu oopsa kwambiri. Ndalama za fodya zikatuluka zimangodutsa m'manja kupita kwa mwini katapila, ndipo pofika Disembala pakhomo palibe feteleza, palibe chimanga, ana abwezedwa kusukulu. Ena akalandira ndalama amasowa pamudzi sabata zingapo, n'kubwera ndi mkazi watsopano, kumusiya mayi amene adathirira nazale, adasoka fodya mpaka usiku, manja ake n'kukhakhala. Manja okhakhalawo, m'bale wanga, ndiwo adakuveka sutiyo. Ena atchena pamene anyamata amene adawalimira sadalandire malipiro awo. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la ntchito ndi kuthetsa utenanti, koma zaka mazana ambiri lamulolo lisanabwere, Mtumiki (s.a.w) adali atalamula kale kuti wantchito alipidwe mwachangu, thukuta likadali pathupi. Mkanjo wogulidwa ndi malipiro a wantchito ndi wakuda pamaso pa Allah ngakhale utachapidwa kangati. Kumbukirani Qaaruun wa mu Sura ya Al-Qasas. Adatulukira kwa anthu ake atadzikongoletsa, ofooka mitima adasirira, koma nthaka itamumeza omwe aja adathokoza kuti sadali iye.

Matenda achiwiri ndi kunyansidwa ndi khungu limene Allah adatipatsa. M'misika yathu mukugulitsidwa mafuta ndi sopo zoyeretsa khungu, ndipo ana athu aakazi, ngakhalenso amuna ena, akudzola. Zambiri mwa zimenezi zimakhala ndi mankhwala monga mercury, hydroquinone ndi ma steroid. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidachenjeza kuti mercury imaononga impso ndi mitsempha, ndipo imatha kuvulaza mwana amene ali m'mimba. Ma steroid amapepukitsa khungu mpaka bala limavuta kupola, ndipo hydroquinone akadzoledwa nthawi yaitali amasiya zigamba zakuda zovuta kuchotsa. Dziko la South Africa lidaletsa hydroquinone mu zodzoladzola mu 1990. Koma ife Asilamu tili ndi chifukwa choposa cha achipatala. Sura ya Ar-Ruum, ndime 22, idaika kusiyana kwa zilankhulo ndi mitundu ya khungu pamodzi ndi kulengedwa kwa thambo ndi nthaka monga zizindikiro za Allah. Muno mumzikiti Mtumbuka amati kutowa, Myao amati kusalala, Mchewa amati kukongola, ndipo palibe chilankhulo chimene chili cholakwika. Khungu nalonso ndi chimodzimodzi. Amene akulisupula akufufuta chizindikiro chimene Mlengi adalemba ndi cholinga.

Bilal bin Rabah (r.a) adali wakuda, wa makolo a ku Habasha, kapolo womasulidwa. Iyeyo ndiye adasankhidwa kukhala muadhini woyamba, ndipo Makka itagonjetsedwa m'chaka cha 630 ndiye adakwera pa Kaaba kuitanira Swala, olemekezeka a Chikuraishi akuyang'ana. Julaibib (r.a) adali Swahaba wosauka amene anthu sankamuwerengera. Nkhondo ina itatha, Mtumiki (s.a.w) adafunsa anthu ngati pali amene akusowa, ndipo iwo adatchula abale awo otchuka, osamukumbukira iye. Mtumiki (s.a.w) adati iye akumusowa Julaibib. Atamupeza atafa, adamunyamula pa mikono yake yodalitsika kufikira manda atakumbidwa, nalengeza kuti awiriwo ndi amodzi. Limenelo ndilo diso la mumtima. Ndipo abambo, mlandu wa mafutawa usagwere amayi okha. Ngati ife tikutama oyera okha, ngati tikuseka akazi athu ndi ana athu chifukwa cha kuda, ndiye kuti botolo lija tagula ndife. Mtumiki (s.a.w) adatchula zinthu zinayi zimene amuna amayang'ana pofuna mkazi, chuma, mtundu, kukongola ndi Dini, ndipo adalangiza kuti Dini ndiyo itsogole.

Matenda achitatu ndi kuvula dziko chovala chake. Akuluakulu amene ali muno akukumbukira mmene madera athu adalili ndi mitengo ya misuku ndi miombo, bowa m'dzinja ndi uchi m'chilimwe. Mphanda za zigafa, nkhuni zowotchera fodya ndi makala zadya mitengo yambiri, ndipo maso a anthu tsopano ali pa nkhalango ya Chimaliro. Tikukongoletsa nyumba ndi malata pamene tikusiyira ana athu chipululu. M'mabuku a Bukhari ndi Muslim muli hadith ya Anas (r.a) yotiuza kuti Msilamu akabzala mtengo kapena mbewu, chilichonse chimene munthu, mbalame kapena nyama idyapo chimalembedwa kwa iye ngati sadaka. Mvula ikubwerayi banja lililonse libzale mitengo m'malire a munda, ndipo ife ngati jamaa tibzale kuzungulira mzikiti uno ndi kumanda kwathu.

Tsono kukongola kotamandika tikupeze kuti? Sikufuna ndalama zambiri. Kusamba pa tsiku la Jumu'ah, kuvala chovala chochapa ngakhale chili chakale, kutsuka mkamwa ndi mswaki, kuwenga zikhadabo, kudzola mafuta onunkhira kwa abambo popita kumzikiti, kusesa pakhomo, kusamala chimbudzi ndi malo ochitira wudhu, zonsezi ndi Sunnah ndi ukhondo umene wosauka ndi wolemera angathe mofanana. Mwamuna adzikonze chifukwa cha mkazi wake monga momwe amafunira kuti mkaziyo adzikonze chifukwa cha iye, Abdullah bin Abbas (r.a) ankachita zimenezo. Ntchito nayonso ikongole. Mtumiki (s.a.w) adaphunzitsa kuti ihsaan imafunika pa chilichonse, mpaka pozinga mbuzi, kuti mpeni unoledwe ndipo chiweto chisazunzike. Mzere wowongoka m'munda, sikelo yosabera, belo limene pakati pake pakufanana ndi pamwamba pake, imeneyo ndi ihsaan.

Chodabwitsa n'chakuti Qur'an yolemekezeka idagwiritsa ntchito mawu oti kukongola pa zinthu zowawa. Mu Sura ya Yusuf, kupirira kwa Mneneri Ya'qub (a.s) atataya mwana wake kudatchedwa kokongola. Mu Sura ya Al-Hijr, kukhululuka kudatchedwa kokongola. Mu Sura ya Al-Ahzaab, ngakhale kusiyana kwa mwamuna ndi mkazi kudalamulidwa kuti kukhale kokongola. Choncho fodya wako akagulidwa pa mtengo wokhumudwitsa, iwe osatukwana Mulungu kapena kukathira mkwiyo pa ana, wakongola. Ukamukhululukira m'bale amene mudakangana naye za malire a munda, osamukumbutsanso, wakongola. Banja likalephereka, iwe n'kumupatsa mayiyo zake zonse, osamuyalutsa pamudzi, n'kumasamalabe ana, wakongola. Yusuf (a.s) adapatsidwa nkhope imene idachititsa amayi a mumzinda kudzicheka manja, koma nkhopeyo idamubweretsera mayesero ndi ndende. Chimene chidamukweza chidali kudzisunga kwake, kukhulupirika kwake pa nkhokwe za Iguputo ndi kukhululukira abale ake amene adamuponya m'chitsime.

Akapolo a Allah, mu Sura ya Al-Hadiid, ndime 20, moyo wa dziko lino udafaniziridwa ndi mmera umene umasangalatsa alimi mvula ikagwa, kenako umafota, umasanduka wachikasu, n'kuthera m'zinyalala. Ife fanizoli timaliona chaka ndi chaka. Munda umene udali wobiriwira mu Januwale lero ndi mapesi oti azulidwe. Nkhope zathu zikuyenda ulendo womwewo, ndipo wokongola ndi wosakongola onse adzavekedwa nsalu yoyera yofanana. Chimene chidzatsale ndi chimene tidakongoletsa m'kati. Ndipo hadith ya Suhaib (r.a) mu Sahih Muslim ikutilonjeza kuti anthu a ku Jannah, atalandira zonse, adzapatsidwa mwayi woona Mbuye wawo, ndipo sipadzakhala mphatso ina yokondedwa kwa iwo kuposa imeneyo. Kukongola konse kumene tidakuonapo, kwa ng'ombe zobwerera madzulo, kwa mwezi wa Ramadhan ukangooneka, kwa nkhope ya mayi, kudali kulawitsa chabe kwa tsiku limenelo.

O Allah, kongoletsani mitima yathu ndi Imaan, malirime athu ndi choonadi, ndi ntchito zathu ndi ihsaan. O Allah, chititsani kuti zobisika zathu zikhale zabwino kuposa zoonekera zathu. Tipulumutseni ku riba, ku chinyengo ndi ku kudzikweza. Dalitsani thukuta la alimi, apepukitsireni amene ali m'ngongole, chiritsani odwala athu, ndipo akhululukireni makolo athu amene adatsogola. Tipatseni mvula yabwino ndi mtendere m'dziko lathu la Malawi, ndipo musatimane kuona nkhope Yanu yolemekezeka. Aamiin.

Imikani Swala.